Mbale za alendo zituluke m'kabati

Pabalaza pa nyumba zambiri m'tauni, ngakhalenso kumudzi kumene kudafika malata ndi simenti, pamakhala kabati yagalasi. M'menemo muli mbale zamaluwamaluwa zimene mayi adalandira paukwati, makapu a tiyi ndi tisosala take, matambula, ndi mabakuli amene sadaonepo nsima ya pakati pa sabata. Zonsezo ndi za alendo. Ana amangozionera pagalasi, ndipo wina akayerekeza kutsegula, mawu amachokera kukhitchini: "Iwe, tasiya zimenezo! Ukaswa ugula ndiwe?" Eni nyumba amadyera m'mbale zapulasitiki zosuluka, zina zopserera m'mphepete chifukwa tsiku lina zidatsamira mbaula.

Ndiye kubwere apongozi, kapena abusa, kapena amalume ochokera kumudzi. Nyumba yomweyo imasanduka ina. Ana amauzidwa kuti athamangitse nkhuku, pabwalo pamasesedwa kachiwiri, patebulo pamayalidwa nsalu yosita. Madzi osamba m'manja amafunditsidwa, sopo watsopano amatuluka m'pepala, ndipo wothira madziwo amagwada. Nsima imabwera ya mitanda yosalala, ndiwo ziwiri kapena zitatu, chilichonse m'mbale yake yovundikira. Mlendo safunsidwa ngati adya, pakuti kufunsa kotero nkumuuza kuti sudafune kumuphikira. Iye amangoona madzi afika. Akamadya palibe womukumbutsa ngongole kapena kumukalipira, ndipo akatsanzika amaperekezedwa mpaka kumsewu, mwina atanyamula kaphukusi ka mtedza.

Palibe adapita kusukulu kukaphunzira zimenezi. Mtsikana wa sitandade 7 amazidziwa, agogo amene sadapondepo m'kalasi amazidziwa koposa. Luso lolandira munthu ndi chakudya tili nalo kale, ndipo ndi lakuya. Chodabwitsa nchakuti timalisungira munthu wobwera kamodzi pachaka, pamene anthu amene timagona nawo nyumba imodzi, amene amatichezera usiku tikadwala, timangowalozera ndi mlomo: "Nsima ili m'bakulimo, ndiwo muona m'poto." Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, kutiuza kuti timusamale poti sakhalitsa. Adanena zoona. Koma ana nawonso sakhalitsa. Lero akulimbirana nkhoko, mawa ali kusekondale yogonera komweko, mkuja ali ku Johannesburg akutumiza mauthenga pa WhatsApp kuti wina awaikire ufa ndi usipa pabasi.

Wina anena kuti izi ndi nkhani za anthu okhuta, ndipo ali ndi mfundo. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chaka chotsatira ng'amba idapsereza chimanga mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ku Ndirande, ku Mtandire, ku Chibavi, alipo mabanja ambiri amene ufa amagula wa tsiku lomwelo, kaphukusi kaja ka wokumani, mafuta nkugula oyeza, makala kajumbo kamodzi. Munthu wotere kumuuza za nkhuku ndi nsalu ya patebulo nkumutonza.

Koma tachotsani nkhukuyo pa zimene mlendo uja adalandira, muone zotsala. Adamukonzera malo oyera pokhala. Adamuthirira madzi. Chakudya chidamupeza chili chotentha, gawo lake lili lake osachita kulimbirana. Padali munthu wokhala naye pansi, womufunsa za kumene wachokera. Mwa zonsezi chogula ndi sopo yekha. Ndidadyapo m'nyumba ya mipando yofewa momwe nyama idachita kutsala, koma aliyense adatenga mbale yake nkulowera kwake, wina kuchipinda, wina pa TV. Ndidadyaponso pakhonde la nyumba yalendi ya chipinda chimodzi, nsima ya mgaiwa ndi bonya, pomwe mayi wa pakhomopo adayamba wawaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone, nkuyala mkeka, nkuitana ana ake mmodzimmodzi ndi mayina awo. Mukandifunsa kumene kudali phwando sindingachedwe kuyankha.

Dzanja la wophika

Tiyambe ndi nsima, poti kwathu kuno munthu amene wadya mpunga kapena mbatata amati wagona ndi njala. Nsima ilibe mchere, ilibe mafuta, ilibe pobisala. Ubwino wake wonse uli m'dzanja la wophika ndi pa nthawi. Madzi afunde kaye asanalandire ufa woyamba, phala libwate mokwanira mpaka fungo la ufa wauwisi lithe, kenaka ufa uzilowa pang'onopang'ono uku mthiko ukuyenda. Wothamanga amathira ufa phala lisanapse, ndipo nsima yake imamata m'manja nkumamveka ufa pakhosi. Wodziwa akatha kuvundula amavundikira poto kamphindi pamoto wochepa, mpaka kafungo kaja ka nkhoko kayambe kuitana anthu kokha.

Ndiye pali kuomola. Taonererani mayi wozolowera. Pambali pake pali kambale ka madzi ozizira. Chipande amachiviika, amatapa nsima akukanikizira m'mbali mwa poto kuti isalale, nkuitembenuzira m'mbale mwakamodzi. Mtanda umatsika wonyezimira, wopanda mng'alu, utsi uli tolotolo. Aviikanso, atapanso, wachiwiri nkukhala pambali pa woyamba, wachitatu pamwamba, kamtanda kakang'ono ka mwana komalizira. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi zochepa, ufa wake ndi womwewo, makala ndi omwewo. Koma nsima yoomola chonchi ndi ija yongokomola ndi mthiko nkuiunjika m'mbale zimamuuza zosiyana munthu amene wabwera kudzadya. Ina ikuti tinkakudikira, inayo ikuti idya uchoke.

Nsima siidikira munthu. Ikazizira imauma pamwamba ndipo mbamu yake siikoma kuumba. Nchifukwa chake ndiwo ndizo zimayamba kupsa, nsima nkukhala yomaliza, anthu atasonkhana kale. Bakuli lidabwera kudzathandiza, ndipo limathandizadi mlonda kapena namwino amene amaweruka usiku. Koma lidatiphunzitsanso kaulesi kena: poti nsima ikhala yofunda mpaka 10 koloko, palibenso chothamangira kunyumba. Bambo amatha kukhala pabawo kapena koonetsera mpira, mtima uli m'malo kuti bakuli likuwadikira. Amaipezadi nsimayo ili yofunda, koma ana atagona kale, mayi akuodzera pampando.

Nsimayonso siyenera kukhala ya nkhope imodzi chaka chonse. Mgaiwa tidaunyoza kalekale kuti ndi wa kusukulu yogonera ndi wa nthawi ya njala, chonsecho ndiwo umasunga zambiri zomanga thupi zimene zimapita ndi madeya tikakonola chimanga. Anzathu a ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Likoma ali ndi kondowole, a kuchigwa cha Shire amadziwa nsima ya mapira ndi mchewere. Ndipo mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, uja fungo lake limauza anansi onse kuti kwanu kwaphikidwa, sudalembedwe kuti uzidikira Khirisimasi. Kilogalamu imodzi pakutha pa mwezi, ndi nyemba zofiira zopsa bwino, ana amaikumbukira kuposa nyama.

Kumene kuli mpata waukulu ndi kundiwo. M'misika ya m'tauni maso athu adazolowera repu, chainizi, mpiru ndi kabichi, kuzungulira pomwepo sabata ndi sabata mpaka ana kufika poti akaona zobiriwira m'mbale nkhope imagwa. Chonsecho Jessie Williamson, amene adagwira nawo kafukufuku wa kadyedwe ka anthu m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, adadzaza buku lathunthu, Useful Plants of Nyasaland la mu 1955, ndi zomera zimene makolo athu ankadya ndi kugwiritsa ntchito. Bonongwe, chisoso, luni, denje, chewe, kholowa, khwanya, chigwada. Zambiri mwa izi zimamera zokha kuseri kwa nyumba mvula ikangogwa, ife nkuzipalira, nkuzitaya kudzala, nkutenga ndalama kukagula kabichi. Agogo athu ankafutsanso masamba nthawi ya dzinja nkusunga m'chikwatu, kotero kuti m'chilimwe, dimba litauma, mfutso wotendera unkatuluka ngati ndiwo yaulemu.

Nkhwani wotendera ndiye mboni yabwino yakuti kukoma sikuchokera kubutchala. Masamba akhale anthete, osadzulidwa bwino, odulidwa mosasiya zikuluzikulu. Madzi akhale ochepa, ongokwanira kuti masamba afote, mchere pang'ono, tomato pamwamba. Soda ambiri amamukonda poti amafewetsa msanga, koma a zaumoyo amati amaononga mavitamini, ndipo nkhwani wanthete samufuna nkomwe. Nsinjiro zimathiridwa pamwamba osatakasa nthawi yomweyo. Uvundikire, zipse ndi nthunzi pamoto wofatsa, ndiye utakase. Wotakasa msanga nsinjiro zimakhala pansi nkupserera, wophula msanga zimamveka zaziwisi. Zikapsa bwino ndiwo imagwirana, mafuta a mtedza amaonekera m'mphepete, ndipo mtanda wachitatu umatha munthu asakudziwa.

Bonya nayenso ali ndi ulemu wake akapeza womusamala. Amafuna kukazingidwa kaye pachiwaya chouma, kupukusidwa pang'ono m'manja ndi kupetedwa m'lichero kuti mchenga ndi timamba tichoke, ndiye akumane ndi mafuta, anyezi ndi tomato. Kamchenga kamodzi kokukuta padzino kamatha kuononga chakudya chonse, ndipo mwana amene wakukuta kawiri katatu amakula akuti bonya ndi ndiwo yausiwa, pamene vuto lidali changu cha wophika. Nyemba zoviika usiku zimapsa msanga nkupulumutsa makala. Kagawo ka ndimu pambali pa usipa, tsabola wa kambuzi wosinja ndi mchere kwa omukonda, kabotolo ka Nali pakati, kachumbari wa tomato mmodzi ndi anyezi theka: tinthu totere ndi timene timasiyanitsa Lachitatu ndi Lachiwiri.

Mayi aliyense amene adapitako kusikelo ya ana adamva za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zanyemba, zanyama, zamafuta ndi zipatso. Pachithunzi cha kuchipatala zimaoneka ngati za anthu olemera. Koma tawerengani: nsima, nkhwani, nsinjiro zake, tiusipa tochepa tokazinga ndi supuni ya mafuta, ndi chibenthu cha papaya la kuseri kwa nyumba. Magulu onse akwana pamkeka umodzi. Gulu limene timaliiwala kwambiri ndi la zipatso, poti tidazolowera kuti chipatso nchodyera panjira kapena pansi pa mtengo, aliyense payekha. Tayesani kusenda mango atatu, kuwadula, nkuwaika m'mbale imodzi pakati anthu akatha nsima. Palibe amene amadzuka msanga.

Nyengo nazonso zimatipatsa zifukwa zosangalalira zosafuna ndalama zambiri. Mondokwa woyamba, maungu oyamba, bowa wa mvula zoyamba, ngumbi zokazinga, masuku, manachesi a ku Mwanza nthawi yozizira. Chinthu chikakhala choyamba chaka chimenecho, chiyenera kulengezedwa, anthu aitanidwe, osati kungochipeza m'poto. Ndipo m'mawa wa Loweruka, m'malo mwa buledi wouma, futali wa mbatata zofiira m'kati, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni, zimene alangizi amazilimbikitsa chifukwa cha vitamini A, ndi tiyi wa ku Thyolo m'makapu aja a m'kabati. Kapu ina idzasweka, nzoona. Koma makapu akakhala m'galasi zaka 20 amadzathera pogawana katundu wamasiye, osamwerapo mwini wake.

Nthutumba ndi zipalapasiro

Apa ndiye pali nkhani yovuta, ndipo si zonse za makolo zimene tiyenera kuzinyamula. Nkhuku ikaphedwa, aliyense amadziwa kagawidwe kake. Nthutumba, chiganga ndi ntchafu ndi za bambo kapena mlendo. Nthutumba ikasowa m'mbale pamakhala mlandu. Ana amalandira zipalapasiro, mutu, khosi ndi msuzi. M'madera ena ana ndi amayi oyembekezera ankaletsedwa ngakhale mazira. Munthu amene adamaliza kukula ndiye amadya mnofu, amene thupi ndi ubongo wake zikumangidwa nkumanyambita fupa. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira, ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, asanu ndi atatu okha mwa 100 ndiwo ankalandira chakudya chokwanira ndi chakasinthasintha monga kuyenera. Umphawi ndiwo gwero lalikulu, sitingakane. Koma kagawidwe ka zochepa zimene zilipo kalinso ndi mbali yake.

Taganizirani mwana wa zaka ziwiri amene waikidwa mbale imodzi ndi azikulu ake a zaka 10 ndi 12. Iye akamaumba mbamu yoyamba, yotentha, akuiuzira, anzakewo ali pa yachisanu, ndipo tinsomba tatha. Nchifukwa chake alangizi amati mwana wamng'ono akhale ndi kambale kakekake, ndipo wamkulu akhale naye pafupi kuona kuti wadya zingati. Kwa mwanayo, kukhala ndi mbale yake ndi malo ake ndi ulemu waukulu umene angaumvetse. Nthutumba ikhalebe ya bambo ngati mwambo ukutero, nkanthu kakang'ono. Koma bambo amene amatenga ntchafu m'mbale mwake nkuinyotsolera ana, ulemu wake suchepa pakhomo.

Sindikunena kuti kudyera mbale imodzi kudali koipa. Kunkaphunzitsa zinthu zimene mbale ya aliyense payekha siingaphunzitse: kusathamanga, kusayamba nyama wamkulu asanagawe, kutapa mbali yako osaoloka kupita kwa mnzako. Ndipo padali lamulo lina lokoma, lakuti nsima ikatsala pang'ono wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, kusiyira wamng'ono. Mnyamata wa zaka 12 amene waphunzira kunena kuti "Malizitsa iwe, ine ndakhuta," pamene m'mimba mudakali malo, waphunzira chinthu chimene chidzamuthandize m'banja lake. Banja lingathe kusunga zonse ziwiri: kamwana kakhale ndi mbale yake, okulirapo azigawana.

Madzi osamba m'manja nawo adasintha, ndipo adasinthira kwabwino. Kale beseni limodzi linkayamba kwa wamkulu nkumatsika, kotero kuti womaliza, amene ndi mwana wosachedwa kudwala, ankasamba m'litsiro la anthu onse. Kolera amene adayambira ku Machinga mu March 2022 nkufalikira dziko lonse, kupha anthu oposa 1,700, adatikumbutsa mowawa za kusamba mothirirana ndi sopo. Ubwino wake ngwakuti njira yaukhondoyi ndi yomweyonso yaulemu. Jagi kudzanja ili, beseni kudzanja ilo, munthu kuima pamaso pa mnzake nkumuthirira. Ana azisinthana ntchitoyi, anyamata ndi atsikana omwe. Madziwo akakhala ofunda m'mwezi wa June, munthu amayamba kumva kuti walandiridwa asanaone nkomwe ndiwo.

Amene amadyera kuseri

M'midzi yambiri kudali chidyerano. Nyumba iliyonse ya pabanja inkaphika zake, mbale zonse nkukumana malo amodzi, amuna ndi anyamata pabwalo, amayi ndi atsikana kwaokha. Wina wabweretsa therere, wina nyemba, wina mbewa, aliyense nkulawa zonse. Phindu lake lenileni silidali kuchuluka kwa ndiwo kokha. Mwana wamasiye, nkhalamba yopanda woiphikira, ndi banja limene tsiku limenelo lasowa ndiwo, onse ankadya osachita kupempha, ndipo palibe ankadziwa kuti wasowa ndani. Njala, ndalama ndi kukayikirana zidachitha mphamvu chidyerano m'malo ambiri. Kamthunzi kake katsala pa memo, pamene amisiri, ogulitsa mumsika kapena aphunzitsi amasonkha tindalama masana nkuphika poto mmodzi.

Masiku ano wamasiye uja ali m'nyumba mwathu momwe. Ndi mwana wa malemu achemwali amene tidamutenga kumaliro, ndi mtsikana wantchito wochokera kumudzi, ndi agogo amene adabwera kuchipatala nkukhalitsa. Mukafuna kudziwa ngati pakhomo pali chisangalalo chenicheni pa chakudya, musayang'ane patebulo, suzumirani kukhitchini. Mukapeza mtsikana amene waphika zonsezo atakhala pa chigubu, akudya nkhoko ndi msuzi wotsala, kapena mwana wa achemwali akudikira kuti "eni nyumba" amalize, ndiye kuti nsalu ya patebulo ija ikungophimba manyazi. Ana amaona zimenezi ndipo amaphunzira msanga kuti anthu ali ndi mitengo yosiyana. Kunena kuti "Bwera udzakhale apa, tidyere limodzi" kulibe mtengo, koma m'nyumba zina mawu amenewa ngolemera kuposa thumba la chimanga. Poyamba woitanidwayo amakana, amachita manyazi, amati wakhuta. Muitaneninso mawa.

Nanga tikakhala pansi timakamba chiyani? Ambiri tidakula ndi lamulo lakuti pakudya sayankhula, ndipo lidali ndi nzeru yake: wolongolola ankapeza mbale yayera, komanso minga ya usipa ndi chambo siifuna munthu woseka. Koma lero chete ameneyu walowedwa ndi foni. Bambo dzanja lamanja lili pansima, lamanzere likuyendetsa Facebook. Mwana wamkulu ali ndi zomvera m'makutu. TV ikukuwa yokha. Choipa china nchakuti m'mabanja ambiri pakamwa pamatseguka pokhapokha pali mlandu. Lipoti la kusukulu, chenji chimene sichidabwere, ndani wasiya mpopi ukudontha, zonse zimadikira nthawi ya nsima poti ndi pamene wolakwa sangathawe. Mwana amene amazengedwa mlandu nsima ili m'manja amaphunzira kudya mothamanga nkuchokapo. Mlendo sitimuimba mlandu akudya, ngakhale tili naye chifukwa. Timadikira asambe m'manja. Apabanja ayeneranso chifundo chomwecho.

Zokamba zabwino sizisowa. Mwana wa sitandade 2 ali ndi nkhani ya bwenzi lake limene lagwa m'matope, agogo ali ndi mbiri ya njala ya 1949 imene adaimva kwa amayi awo, mayi ali ndi zimene aona mu minibasi. Ambiri adazindikira kuti tsiku limene magetsi azima ndi limene banja limacheza kwambiri: kandulo pakati, anthu kuyandikana, wina nkuyamba "Padangotero," ana nkuvomera "Tili tonse" mbale zisanachotsedwe nkomwe. Sipafunika kudikira kuti magetsi azime. TV ili ndi batani, ndipo mafoni angathe kugona m'lichero pamwamba pa kabati kwa theka la ola, kuyambira ya bambo. Pemphero lalifupi, losinthana, limathandizanso kuti onse ayambire pamodzi, bola lisatalike mpaka nsima kuzizira.

Kunena zoona, m'tauni si tsiku lililonse limene onse angakumane. Wina amadzuka 4 koloko kukapikula tomato, wina amafika usiku atalimbana ndi mizere ya minibasi, ana ena amalowa sukulu m'mawa ena masana. Banja lisankhe nthawi imene lingathe, nkuiteteza. Kwa ena ndi Lamulungu akaweruka kutchalitchi, kwa ena ndi Sabata masana, kwa ena ndi Lachisanu akachoka kumzikiti. Abale athu achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga amationetsa chaka ndi chaka, m'mwezi wa Ramadan, kuti nzotheka nyumba yonse kukhala pansi nthawi imodzi dzuwa likalowa, ngakhale chakudya chake chitakhala phala ndi mbatata. Chimene chimasonkhanitsa anthu pamenepo nchakuti aliyense akudziwa ola lake, ndipo akudziwa kuti akasowa afunsidwa.

Watsala munthu mmodzi amene nkhani zotere zimakonda kumuunjikira ntchito osamufunsa. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Kutanthauza kuti mbale ya nsima isanafike pamkeka, wina watola nkhuni kapena wakoleza mbaula, watunga madzi, wapita kuchigayo, wasadzula masamba, wapirira utsi m'maso, kawirikawiri mwana ali kumsana. Ndipo munthu yemweyo ndiye amati, "Inu yambani, ine ndidya pambuyo," nkumayendayenda, kubweretsa mchere, kuonjezera msuzi, kutonthoza mwana, mpaka kudzadya yekha zozizira ataimirira. Tikamuuzanso kuti aziomola mokongola, azidula zipatso, aziyala nsalu, popanda womuthandiza, ndiye kuti tangomuonjezera goli. Chakudya chimene wophika wake sadakhale pansi si cha banja, ndi cha kulesitilanti, kungoti sitilipira.

Choncho pasakhale woyamba kutema nsima mayi asanasambe m'manja nkukhala. Woyala mkeka akhale wina, wothira madzi wina, wochotsa mbale ndi kutsuka wina. Ndipo mawu aja timawauza eni nyumba tikapita kuchilendo, akuti "Zikomo kwambiri, mwatiphikira bwino, takhuta," ayambe kumvekanso kwathu, kuchokera pakamwa pa bambo kuti ana atengere.

Zakuti mwamuna sadziwa kuphika ndi nthabwala imene tonse timaidziwa. Okazinga tchipisi pachiwaya ndi amuna, ootcha kanyenya ndi amuna, ophika m'mahotela ambiri ndi amuna, asodzi kunyanja amadziphikira okha, ndipo pa memo ya amisiri nsima imavundulidwa ndi dzanja logwira njerwa. Mwamuna yemweyo akangoponda pakhomo pake manja amafa, mpaka madzi akumwa kuchita kuitanitsa ali pafupi ndi ndowa. Tsiku limodzi pa sabata mthiko ungathe kusintha dzanja, mnyamata wa pakhomo ali pambali kuonerera ndi kusenda anyezi. Nsima ya bambo ikatuluka ndi mibulu ulendo woyamba, ana adzaseka mpaka misozi, koma adzadya ndithu, ndipo mayi adzapeza mpata wofunsa ali khale pamkeka kuti mchere uli kuti.